Madzi mu Dizilo

Zaka makumi atatu ndinakhalira kunsi kwa sitima,
m'chipinda cha injini, pakati pa Esbjerg ndi Fanø.
Bauti ikamasuka ndinkaimva
a pamwamba akadali kupemerera khofi wawo.
Koma thupi langa lomwe sindinalimve.

Linali Lachinayi, mu Febuluwale,
mphepo ya kunyanja ikukanda mazenera,
pamene chisanu chinandilowa m'mafupa.
Mano anagundana ngati masipanala m'bokosi.
Birthe anandifunditsa mabulangeti atatu
ndi chikhoti chake cha kutchalitchi,
kenaka anati, Ejvind, usandipusitse, dzuka tizipita.

Kuchipatala anadzaza magazi anga m'mabotolo anayi
nawagoneka m'kabati yofunda ngati mazira.
Usiku wachiwiri, limodzi linaswa.

Dokotala Nyholm, wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza,
anakhala m'mphepete mwa bedi, cholembera kukhutu.
Tapeza kachilombo m'magazi mwanu, anatero,
koma kwawo si kumeneko.
Mtundu wake umadana ndi mpweya,
umakhala m'matumbo, mumdima, kumunsi kwenikweni.
Kukapha tikapha, zimenezo musade nazo nkhawa.
Chondisowetsa tulo ine n'chakuti,
kanadutsira pati?

Ndinaseka, nthiti zikuwawa.
Funso limenelo ndi langa, mwanawe.
Ukapeza madzi amchere mu dizilo
suthera pa kusefa dizilo ayi.
Umatenga tochi, umagwada,
umatsata paipi chikhato ndi chikhato
mpaka chala chitanyowa.

Anandimwetsa zotsuka m'mimba, jagi yonse,
ndinachezera pachimbudzi ngati mlonda,
m'mawa analowetsa tochi yawo.
Ndinaonera ndekha pa sikirini:
ngalande yonyezimira, yokhotakhota,
yoyera kuposa paipi iliyonse ndinakonzapo,
kenaka pa kona ina, icho,
chonga bowa wofiira, chong'ambika pamwamba,
chikudontha phee.
Namwino anasiyira pakati nkhani ya mpira wa dzulo.

Khansa.
Liwu lalifupi chonchi
koma linadzaza galimoto yonse pobwerera,
Birthe n'kutsitsa galasi kuti tipume.

Sanatchule za maenvulopu aja.
Ankabwera ndi positi, mkati muli kabotolo ndi kamtengo,
akuti tumizani pang'ono chabe tiyeze.
Atatu onse ali m'galaja, kuseri kwa zitini za utoto.
Ine munthu wotola zonyansa zanga n'kumata sitampa?
Ndinkatero.
Sanatchule, anangosintha giya mwaukali.

Amati chakudza sichiimba ng'oma.
Changa chinadza chonyang'ama, kaya zaka zingati,
chikumera, chikuboola khoma pang'onopang'ono,
osandipweteka, osandilanda ngakhale chilakolako cha nsomba.
Woimba ng'oma anali kachilombo kosochera kaja,
kanapeza mng'alu, kanasuzumira,
kanagwera mumtsinje wosakhala wake
n'kuutsa mudzi wonse.

Anadula utali wa dzanja langa, nalumikiza.
Sichinafike kuchiwindi, anatero Nyholm,
mwabwera nthawi ikadalipo.
Sindinabwere ndekha, ndinati, anachita kundikoka.

Tsopano sindidziwa kothokoza.
Kodi munthu amathokoza mbala
imene pothyola nyumba
yakuonetsa kuti denga linali pafupi kugwa?
Tinakapha ndi madiripi masiku khumi ndi anayi.
Palibe anakalirira.
Ine ndekha nthawi zina, pometa ndevu,
ndimakakumbuka, kopanda maso, kopanda cholinga,
kamlendo kobwera ndi kalumo kakuthwa.

Dzulo ndinakwera sitima ija ngati wapaulendo,
tiketi m'thumba, chipsera chikuyabwa pansi pa lamba.
Pa benchi panali Preben, wopuma ntchito mnzanga,
akudya soseji, mpiru uli pandevu.
Ndinamufunsa ngati envulopu yake inabwera.
Anayang'ana kunyanja, nati mbalame zachuluka chaka chino.
Ndinamulanda sosejiyo.
Pansi pa mapazi athu injini inkaguguda bwinobwino,
koma ine ndinatcherabe khutu.